Za Makina Akale Oyamwa Pfumbi ndi Makonzedwe Ache

Tidziwa kuti ena a inu, pakuona mutu wa nkhani ino, adzaseka nati: “Kodi aphunzitsi asowa chonena mwezi uno? Ife nyumba zathu nzozira ndi dothi, zina nza simenti, ndipo tsache la udzu litikwanira. Makina a magetsi oyamwa pfumbi tiri nao chiani?” Musafulumire kupinda tsambali. Ife tomwe tinalikuganiza chomwecho, kufikira tsiku limene mlandu wa makina amenewa unafika pa khomo pathu. Ndipo amene anabwera nao ndi mwana wa mlongo wathu.

Mnyamatayo agwira nchito ya m'nyumba ku tauni, monga achitira ana ambiri a m'midzi mwathu, ena ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena ku Lusaka, ena kutali ku Johannesburg. Tsiku lina Lachisanu madzulo tinamuona alikubwera, atamanga pa njinga chinthu chachitali chokulunga m'chiguduli, nkhope yache iri yakugwa. Atalonjera ndi kumwa madzi anati: “Atsibweni, ndaona tsoka. Dzana ndirikusesa kapeti ya m'chipinda chochezera, makina anayamba kununkha ngati tayala likupsya, ndipo analeka kutola zinyalala. Adona akuti ndawatentha ndine, ndipo adzandidula malipiro a miyezi iwiri kuti agule ena. Ndachita kuwapempha kuti ndiyambe ndaonetsa kwa anthu odziwa.” Malipiro a miyezi iwiri! Amenewo ndiwo fetereza wa mai ache, ndiwonso fizi ya mng'ono wache.

M'mawa mwache tinanka nao makinawo ku Mishoni, pakuti kumeneko kuli magetsi, ndipo tinaitana mnzathu wina wachikulire amene wakhala alikukonza mawailesi ndi nsimbi za magetsi zaka zambiri. Iye sanathamangire kuwayatsa iai. Anayamba wawagoneka chagada pa tebulo, nachotsa chitsulo chophimba kunsi kwache, natiitana kuti tione. Pakamwa pa makinawo pali mpukutu wokhala ndi burashi, umene uyenera kuzungulira; koma uwo unali utamangidwa ndi tsitsi, ulusi ndi timizere ta nsalu, zonse zitapotana ngati chisa cha mpheta, kotero kuti ngakhale ndi dzanja sunatembenuke. Lamba wa mphira woyendetsa mpukutuwo anali ataduka, nsonga zache ziri zakuda ndi zomata. Mkuluyo anaseka nati: “Mwana iwe, amene wapsya ndi lamba yekha. Mota iri moyo.” Ndipo atachotsa lamba wodukayo ndi kulumikiza ku magetsi, mota inalira bwino lomwe, mau ache ali osalala. Makinawo anali Hoover Junior ya zaka za m'ma 1960, oposa ife tomwe pa msinkhu.

Kuyambira tsiku lomwelo tinafunitsa kudziwa za makina amenewa, ndipo zimene tinaphunzira tikulemberani muno, kuti muwerengere ana anu ogwira nchito m'nyumba za eni, ndiponso kuti inu amene mwagula makina otere pa kaunjika, kapena mwalandira kwa abale a ku Ulaya, musawataye msanga. Pakuti makina akale oimirira, a mpini wautali ndi thumba lolendewera pa mpinipo, sapheka kawiri kawiri ndi nthenda ya mota. Chowapha ndicho kutsamwa. Ndipo asanafe amayamba adandaula, mwa pfungo ndi mwa kaliridwe, kwa munthu wotchera khutu.

Tiyambe tanena kumene anachokera. Kale anthu a ku Ulaya ankatulutsa makapeti ao pabwalo, kuwapachika pa chingwe ndi kuwamenya ndi ndodo, monga ife tikung'unthira mphasa. Mu 1901 mmisiri wina wa ku England, dzina lache Hubert Cecil Booth, anaganiza kuti kuyamwa pfumbi kuposa kuliuzira. Anayesa poyala kansalu ka m'thumba pa mpando wa khushoni nayamwa ndi pakamwa pache, ndipo potembenuza kansaluko anakapeza katada. Makina amene anapanga anali akuru ngati ngolo, okokedwa ndi akavalo. Ankaima mu mseu, mipope yache yaitali ndi kumalowetsa pa mazenera a nyumba. Mu 1902 anayeretsa nao kapeti ya m'Westminster Abbey ku London, pokonzekera kulonga ufumu Edward VII.

Koma makina ang'ono oimirira, amene tiri kunena ife, anachokera kwa munthu wosauka, wogwira nchito yonga ya mwana wa mlongo wathu. James Murray Spangler anali wosesa m'sitolo yaikuru ku Canton, m'chigawo cha Ohio ku America. Anali wodwala mphumu, ndipo pfumbi la makapeti linkamtsokomoletsa kwambiri. Mu 1907 anatenga bokosi, kamota ka magetsi, timapiko ta chitsulo, burashi yozungulira, mpini wa tsache ndi nsalu yobveka mtsamiro, nalumikiza zonse pamodzi; ndipo mu June 1908 boma linampatsa kalata yotsimikiza kuti lusolo nlache. Ndalama zopangira makina ambiri analibe. Koma mbale wache wamkazi, Susan Hoover, anawayesa nawakonda, ndipo mwamuna wa maiyo, William Henry Hoover, amene anali wopanga zomangira akavalo ndi zina zachikopa, anagula lusolo chaka chomwecho. Ndicho chifukwa chache kufikira lero anthu a ku Britain atcha makina ali onse oyamwa pfumbi dzina la Hoover, ngakhale opangidwa ndi ena; dzina la wosesa uja, amene anamwalira mu 1915, alidziwa ndi owerengeka. Mu 1926 kampaniyo inaonjeza pa mpukutu timizere ta chitsulo tomenya kapeti. Inamanga fakitale ku Perivale, m'mbali mwa London, cha mu 1933, ndipo mu 1935 munatuluka Junior, makina ang'ono oyenera nyumba zazing'ono za ku Britain. Fakitaleyo inaleka kupanga makina mu 1982, koma ana ache akali kuyenda m'maiko ambiri, ndipo mmodzi wa iwo ndi uja anagona chagada pa tebulo pathu.

Munthu wofuna kukonza chinthu ayenera kuyamba wadziwa kayendedwe kache. M'makina awa mota imodzi ichita nchito ziwiri. Pa chitsulo chache chozungulira pali fani, imene ikoka mpweya pakamwa pa makina ndi kuukankhira m'thumba. Ndipo nsonga ya chitsulo chomwecho iyendetsa lamba, lamba nayendetsa mpukutu. Mpweya unyamula kapeti pang'ono kuichotsa pansi; timizere ta chitsulo tiigwedeza kuti mchenga wobisala m'kati mwache udumphe; burashi isesa; ndipo mphepo itenga zonse kunka nazo m'thumba. Amai adziwa kale nzeru imeneyi, pakuti popeta mphale agwedeza lichero kuti gaga adzuke, mphepo ndi kumtenga. Thumba liri ngati sefa: pfumbi litsala m'kati, mpweya utuluka pa timabowo ta nsalu tosaoneka ndi maso. Tsono mpukutu ukaima, kapena mpweya ukasowa njira, mota ingolira chabe, nchito osachitika.

Musanakhudze kanthu kali konse, zulani pulagi ku khoma. Kuzimitsa pa swichi sikukwanira, pakuti swichi ya makina ambiri akale njoponda ndi phazi, ndipo bondo kapena chigongono chikhoza kuigunda zala zanu ziri pa lamba. Tibwerezanso: pulagi ikhale m'manja mwanu kapena pansi pamene muliona, ndipo ana akhale patali.

Mabvuto ochuluka achokera pa mpukutu. Tsitsi ndi ulusi sizilowa m'thumba monga lichitira pfumbi. Zikonda kukulungika pa mpukutu, ndipo pang'ono pang'ono zisendera ku nsonga zache, kumene kuli mabering'i, ndito tizitsulo timene mpukutu uzungulirapo. Tsitsi logula, limene atsikana ndi amai alukira masiku ano, ndilo loipitsitsa, chifukwa lambiri nla pulasitiki: likatentha ndi kukhuzana limasungunuka ndi kumata ngati ulimbo. Mpukutu ukayamba kulemera, chitsulo cha mota chipitirira kuzungulira mwa liwiro lache pa malo amodzi a lamba, nichimpereseza kufikira atapsya. Limenelo ndilo pfungo la tayala limene anamva mnyamata uja. Mphonje ya kapeti, chingwe cha nsapato kapena sokosi zikakodwa, zichita chimodzimodzi m'kamphindi kochepa. Mukamva pfungo limeneli zimitsani pomwepo; musanene kuti “ndingomaliza pakona apa.”

M'nyumba mokhala anthu ambiri, kamodzi pa sabata gonekani makina, dulani zokulungikazo ndi sizasi kapena lumo motsata utali wa mpukutu, mosamala kuti musadule ubweya wa burashi, ndi kuzisolola. Pakapita miyezi ingapo tulutsani mpukutu wonse, chotsani tizibvundikiro ta ku nsonga zache, ndi kukolokosa zonse ziri m'menemo ndi kachitsotso. Mukaona kuti bering'i yauma, ikanimo girizi pang'ono, wonga njere ya mapira. Mafuta ophikira musawayese, pakuti pakapita masiku asanduka utomoni. Mpukutu wabwino, mukaugwira ku nsonga ziwiri ndi kuukankha ndi chala, uzungulira wokha kanthawi, wopanda phokoso ndi wosagwedera.

Lamba ndi chinthu chakutha, monga nsapato. Ngakhale asaduke, amatamuka pakapita miyezi, ndipo atero ngakhale makina angokhala pakona osagwira nchito. Lamba wotamuka aterereka: mota ilira monga mwa masiku onse, mpukutu uzungulira pamene makina ali m'mwamba, koma ukangokhudza kapeti uima. Apa ndipo ambiri anamizika nati makina atha mphamvu. Makina ogwira nchito masiku onse asowa lamba watsopano kamodzi kapena kawiri pa chaka. Pogula musadabwe kuona watsopanoyo ali wamfupi koposa wakale. Ndi wakaleyo amene anatalika.

Kaikidwe kache kafuna maso. Pa Junior lamba ngwobulungira ngati chingwe, ndipo nsonga ya chitsulo cha mota iri kutsogolo, kuseri kwa kachitseko kochotseka. Chitsulocho chiloza kutsogolo pamene mpukutu wagona chopingasa. Chifukwa chache lamba ayenera kupotoka pang'ono pakati pa ziwirizi, ndipo kupotokako kuli ndi mbali yache. Mukalakwitsa mbali, mpukutu uzungulira chobwerera, kapena lamba abvulika pongoyatsa. Pa makina ambiri opanga anaikapo kachithunzi koonetsa kaikidwe; kafuneni, pakuti kawiri kawiri kabisika ndi pfumbi. Ngati lamba wakale akali pa malo pache, muyambe mwampenyetsetsa musanamchotse, ndipo amene ali ndi foni ajambule. Pomkoka kuti afike pa chitsulo, gwiritsani nchito kachitsulo kosathwa, zala zikhale pambali. Ena posowa lamba amadula malegeni a chubu cha njinga ndi kumanga mfundo. Mfundoyo ingodumpha pa chitsulo ndipo sichedwa kusungunuka. Ndiponso chiri chonse chothina koposa muyeso chikoka chitsulo cha mota cham'mbali ndi kupha bering'i yache, imene iri yobvuta kupeza koposa malamba khumi.

Burashi nayo imatha. Yalani rula chopingasa pakamwa pa makina, ndi kutembenuza mpukutu ndi dzanja: ubweya wa burashi uyenera kukhudza rulayo. Ukapanda kukhudza, burashi yatha, ndipo makina angoseta pamwamba pa kapeti osaisesa. Pa Hoover zakale mizere ya burashi isololeka, muikapo ina, mpukutu ndi kukhala womwewo. Palinso kachitsulo kokwezera ndi kutsitsira pakamwa pa makina, molingana ndi kuchindikala kwa kapeti. Ambiri atsitsa kotheratu poganiza kuti adzatola zambiri. Koma pakamwa pakakanikizika pansi mpweya usowa polowera, kapeti sinyamuka, lamba alemedwa, ndipo wokankha atopa kwachabe. Tsitsani pang'ono pang'ono kufikira mutamva kaliridwe kasintha, ndi kapeti iyamba kunjenjemera pansi pa mapazi anu. Pamenepo lekani.

Tsopano za thumba. Musadikire kuti lidzale ngati la chimanga. Pa makina akale ambiri pfumbi lilowera kunsi kwa thumba, kotero kuti mpweya uyenera kubooleza mulu wonse wa zinyalala zimene zasonkhana. Mulu ukakula, mphamvu ichepa. Likafika pakati, khuthulani. Thumba la nsalu likhuthulidwe pabwalo, mphepo iri kumbuyo kwanu, mutamanga nsalu pamphuno ndi pakamwa. Ndipo munthu wa mphumu kapena wa chifuwa asapatsidwe nchito imeneyi. Kamodzi kamodzi litembenuzeni, m'kati mukhale kunja, ndi kulipukuta ndi burashi youma, pakuti pfumbi losalala ndilo litseka timabowo tija. Kulichapa sitikulangizani: nsalu ikhoza kukhwinyata kapena kumasuka, pfumbi ndi kumatulukira m'nyumba momwe mwasesa. Thumba la pepala, limene makina ena ali nalo m'kati mwa la nsalu, ndi la ulendo umodzi. Ngakhale mulikhuthule, timabowo tache tatsekeka kale. Tidziwa kuti matumba amenewa asowa, ndipo ambiri abwereza. Koma ulendo wachitatu makina adzakuuzani okha.

Pali zinthu zimene makina awa sayenera kudya konse. Ufa, simenti ndi phulusa zitseka thumba nthawi yomweyo, ngakhale lioneke ngati mulibe kanthu. Phulusa la pa mbaula liri ndi choopsya china: kakala kamodzi kamoto kakalowa m'thumba, mphepo ya fani ikakoleza monga uchitira mvukuto wa wosula, ndipo m'thumbamo muli tsitsi ndi thonje zouma. Madzi ndiwo oletsedwa kotheratu. Kapeti yonyowa isiyeni iume, pakuti madzi ndi magetsi zikakomana, wobvulala ndiye wogwira mpini.

M'makina akale a mtundu uwu, chiri chonse chotoledwa chiyamba chadzera pa fani chisanafike m'thumba. M'menemo ndimo muli mphamvu yao, chifukwa njira ya mpweya njaifupi ndi yotakata. Koma ndimonso muli kufooka kwao. Mwala, msomali, batani kapena ndalama yachitsulo zimenya mapiko a fani iri pa liwiro lache lonse, ndipo mumva phokoso ngati la mwala m'chigayo. Chifukwa chache musanayatse makina yambani mwayenda m'chipindamo ndi kutola zolimba ndi manja. Phiko limodzi likathyoka, fani ilemera mbali imodzi: makina anjenjemera m'manja, alira mokalipa, ndipo mphamvu yao ichepa. Kupitiriza kuwayendetsa motero ndiko kupha mabering'i a mota. Fani yothyoka siimatidwa ndi guluu, siotchereredwa, ifuna ina. Amene afuna kuichotsa yekha adziwe kuti pa makina ena chomangira fani chimasuka potembenuzira kumene zinzache zimangira, ndipo ambiri athyola chitsulo pokakamiza.

Makina oimirira a zaka za pambuyo pache, makamaka a pulasitiki okhala ndi chitini m'malo mwa thumba, ayenda mwa njira yina. Mwa iwo pfumbi liyamba latsala m'thumba kapena m'chitini ndi m'masefa, ndipo mpweya woyera ndiwo udzera pa fani, mwa ambiri ndi kuziziritsanso mota. Sefa ikatsekeka, kapena mpope ukatsamwa, mota itentha, ndipo kachitsulo koiteteza kaizimitsa yokha. Wosadziwa ayesa kuti makina afa. Zulani pulagi, tsegulani njira yonse ya mpweya, dikirani ngati ola limodzi, ndipo kawiri kawiri adzuka. Sefa ya siponji yololedwa kutsuka iume tsiku lathunthu isanabwezedwe.

Tafika tsono pa malire, pamene wosesa ayenera kuleka ndi kuitana mmisiri. M'kati mwa mota muli timakala tiwiri takuda, amisiri ati makaboni, tokankhidwa ndi masipiring'i kuti tikhudze mphete ya mkuwa yozungulira. M'menemo ndimo mudzera magetsi. Timatha pang'ono pang'ono monga choko pa bolodi, koma pa zaka zambiri. Tikafupika, mota iyamba kulira modukiza, mwina kukana kuyaka kufikira mutaigwedeza, ndipo pa timazenera tache muona moto wambiri ukuthetheka. Tizimoto tating'ono ndi chikhalidwe cha mota zotere. Moto wozungulira mphete yonse ndiwo nthenda. Makaboni asinthidwe onse awiri pamodzi, a muyeso woyenera. Tamva kuti ena asema makala a m'mabatire a tochi. Kulimba kwache sikufanana, ndipo akhoza kukanda mkuwa umene ukanakhala zaka zina zambiri.

Phunzirani kusiyanitsa mapfungo awiri. La tayala ndi la lamba, ndipo ndi mlandu waung'ono. Koma pfungo lakuthwa, lolasa m'mphuno ngati la penti ikupsya, makamaka pamodzi ndi utsi wochokera pa mota, litanthauza kuti mawaya a m'kati alikupsya. Pamenepo musayatsenso ngakhale kamodzi. M'matauni muli amisiri okulunga mawaya atsopano pa mota, ndipo iwo ndiwo anganene ngati nchitoyo iyenera mtengo wache. Mverani makina pamene mwangowazimitsa: mota yabwino itsika mau pang'ono pang'ono kufikira chete; ikalira mokwekwesa kapena kuimba mluzu pakuima, mabering'i ache auma.

Chingwe cha magetsi ndicho chimene ife tichiopa koposa zonse. Cha makina a zaka makumi asanu chimauma ndi kung'aluka, makamaka polowera ku mpini ndi pa pulagi, pamene chipindika masiku onse. Ndipo mpukutu ukachiponda uchisenda khungu. Chiyendetseni m'manja mwanu kuyambira ku nsonga kufikira ku nsonga, pulagi itazulidwa. Mukapeza pong'aluka, kumanga ndi pepala la pulasitiki kapena ndi malegeni sikukonza; mmisiri aike chingwe chatsopano chathunthu. Pa zingwe zakale za ku Britain waya wamoto ngwofiira, mnzache ngwakuda, ndipo wa pansi ngwobiriwira; kuyambira cha mu 1970 wamoto ngwofiirira ngati dothi, mnzache ngwa buluu, wa pansi ngwa mizere yobiriwira ndi yachikasu. Wosadziwa kusiyana kumeneku asalumikize pulagi. M'pulagi ya mano atatu, imene tigwiritsa nchito kuno monga ku Britain, muli fyuzi. Ikapsya ikanimo ina ya muyeso womwewo, osati msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ndipo makina a thupi lachitsulo akakulumani ngakhale pang'ono, asagwirenso nchito kufikira mmisiri atawapima.

Chenjezo lina likhudza ogula pa kaunjika. Pa makina onse pali kachitsulo kapena kapepala kolembapo mphamvu ya magetsi imene afuna. Magetsi a ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain ali pa 230 volts kapena pafupi pamenepo. A ku America ali pa 120 volts. Makina a ku America, monga Kirby zopangidwira kwao komweko, mukawalumikiza kuno popanda thiransifoma, alira kamodzi mwaukali ndi kupsya. Imeneyo ndiyo imfa yeni yeni. Werengani musanalipire. Pa kachitsulo komweko mudzaonanso kadyedwe ka magetsi. Junior ya mnyamata uja idya pafupifupi 250 watts. Makina a pambuyo pache anafika pa 2000 watts ndi kupitirira, kotero kuti maiko a European Union anaika malire a 1600 watts mu 2014, natsitsanso kufika pa 900 watts mu 2017. Ife poona zimenezi tiganiza kuti nkhalamba ija siyenera kunyozedwa, makamaka kwa munthu wogula mayunitsi a magetsi ndi ndalama yochepa. Ndipo popeza njomanga ndi masikuluu, osati yomata, chiwalo chiri chonse chichotseka ndi kubwezedwa.

Posunga, makina akhale pouma, thumba liri lopanda kanthu, pakuti nyenyeswa za chakudya ziitana makoswe ndi mphemvu, ndipo khoswe salekera pa thumba, adya ndi chingwe chomwe. Chingwecho chikulungidwe momasuka pa ngowe zache za pa mpini, osati mothina.

Kwa inu ana athu ogwira nchito m'nyumba za eni tiri ndi mau amodzi apadera. Tsiku limene mupatsidwa makina otere, pemphani mwaulemu kuti muwaone pamodzi ndi eni ache: mpukutu, lamba, chingwe ndi thumba. Mukaona lamba watamuka kapena chingwe chang'aluka, nenani tsiku lomwelo, zisanaduke m'manja mwanu. Pakuti chinthu chikafera m'manja mwa wanchito, zaka zonse zimene chinadwala siziwerengedwa.

Mwana wa mlongo wathu anabwerera ku tauni Lamulungu madzulo, mpukutu utatsukidwa ndi kudzozedwa, lamba wodukayo ali m'thumba la malaya kuti akaonetse adona. Lamba weni weni wa Junior sanampeze m'sitolo iri yonse imene anafunsamo. Kwa ogulitsa zida za mapampu anapeza mphete ya mphira yobulungira, ya msinkhu woyandikira, imene mtengo wache sunafike pa wa nkhuku imodzi. Ndipo mkuru uja anali atamchenjeza kuti asatenge yothina. Imeneyo inagwirizira miyezi itatu, kufikira mbale wina wochokera ku Johannesburg anabwera ndi malamba awiri oyenera. Malipiro ache sanadulidwe. Adona sananenepo kanthu za mau aja anamnenera, koma tamva kuti anamgulira sizasi yache yache, imene tsopano ikhala yokoleka pa mpini wa makinawo.